KODI ADAYEZA NDANI?

Pali mau ena amene amanenedwa kawirikawiri, ndiponso ndi anthu olemekezeka, kufikira aliyense amaiwala kuti tsiku lina mauwo adatuluka m'kamwa mwa munthu. Akafika pamenepo sayendanso ngati maganizo a uje kapena a ujeni ayi. Amayenda ngati mvula ya mu Januwale, chinthu chimene munthu wanzeru zake sangayambe kukangana nacho. Ena mwa mau otere, amene adalamulira chidikha cha Kasungu kwa zaka pafupifupi 20, ndi awa: mlimi wa kumudzi sangathe kulima fodya wa bale. Ndifuna kuti tiwatenge mau amenewa, tiwatembenuze monga wosankha fodya amatembenuzira tsamba poyera, kuti tione ngati adali choonadi kapena adali maganizo ovala jekete la choonadi.

Poyamba tikumbutsane mmene zinthu zidaliri, pakuti ambiri a ife tidabadwa nkhaniyi itatha kale. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, lamulo la Special Crops Act lidagawa alimi a fodya pawiri. Fodya wa bale ndi fodya wowamba m'mabalani, amene adali ndi mtengo wabwino ku okushoni, adali wa maesiteti. Munthu wolima pa malo a makolo ake adaloledwa fodya wa chikopa ndi mitundu ina, ndipo ngakhale ameneyo sakadapita naye yekha ku okushoni. Adayenera kumgulitsa ku ADMARC, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1971, pa mtengo umene bungwelo lidaika, ndipo ADMARC ndiyo inkakamgulitsa ku okushoni n'kutsala ndi phindu lochuluka. Mu 1982 akatswiri awiri a za chuma, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, adalemba moonetsa kumene phindulo linkalowera: gawo lalikulu linkakuza maesiteti ndi makampani, kuphatikizapo a Press, amene mwini wake adali Pulezidenti yemweyo. Ku Kasungu, kwawo kwa Pulezidenti, maesiteti a Press Farming ndi General Farming adatambalala pa malo amene kale adali m'manja mwa mafumu.

Chifukwa chimene chinkaperekedwa sichidali choipa kumva. Ankati fodya wa bale ndi mbeu yovuta, yofuna nazale yosamalidwa, feteleza wokwanira, chigafa chosadontha ndi diso lodziwa kusankha masamba. Mukamlekerera kwa aliyense dziko lidzadzaza ndi fodya wachabechabe, ogula a kunja adzathawa, mtengo udzagwa, tonse tidzalira. Tsono taonani mmene mau amenewa adasokedwera. Kuti fodya wa bale afuna chisamaliro, zimenezo n'zoona. Kuti fodya akachuluka pamsika mtengo umatsika, zimenezonso n'zoona. Koma pakati pa zoona ziwirizi padalowetsedwa chinthu chachitatu chimene palibe adachiyeza, chakuti munthu wa kumudzi sangathe, ndipo chidadutsa pachipata bwinobwino chifukwa cha anzake amene chidayenda nawo.

Nanga fodya wa bale wa m'maesitetimo ankalima ndani? Mwini esiteti kawirikawiri adali nduna, mkulu wa chipani kapena bwana wa m'boma, wokhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre, wobwera pa galimoto Loweruka kudzayendera. Wofesa nazale, wookera, wopalira, wothyola, wosoka, wopachika m'chigafa ndi womanga mandindi adali tenanti, ndiye kuti mlimi wa kumudzi yemwe uja, wochokera ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Phalombe kumene malo adachepa, ali ndi mkazi wake ndi ana ake. Manja ake ndi omwewo. Pa malo a bwana manjawo adali aluso, fodya wake n'kukomera ogula a ku America ndi ku Ulaya. Pa malo a amalume ake manja omwewo ankati sangathe. Kuonjezera apo, boma lomwelo lidali ndi bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, limene linkaphunzitsa alimi ang'onoang'ono osankhidwa kulima fodya wowamba m'mabalani, amene ndi wovuta kuposa wa bale chifukwa moto ukalakwika usiku umodzi balani lonse laonongeka. Umboni wotsutsa mau aja sudali wobisika m'mabuku a ku London. Unkadutsa pa msewu wa Kasungu m'malole, masanasana.

Chifukwa chake umboniwo sudaoneke n'chosavuta kuchipeza. Amene adali ndi mphamvu yofunsa adali ndi maesiteti, ndipo amene adalibe maesiteti adalibe mphamvu yofunsa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Komabe sindikhulupirira kuti mabwana onse aja ankanama mwadala. Ambiri ankakhulupiriradi zimene ankanena, ndipo ichi ndicho choopsa kwambiri, pakuti munthu wabodza amadziwa kumene choonadi wachibisa, pamene munthu wokondera amayenda ndi mtima woyera mbee. Akaona belo loipa la mlimi wa kumudzi ankati, "Mwaonatu." Akaona belo labwino la tenanti ankati, "Kapitawo wanga ndi wakhama."

Mu 1990, boma litakanikizidwa ndi World Bank ndi ena opereka ngongole ndi thandizo, chitseko chidatsegulidwa pang'ono. Alimi zikwi zowerengeka chabe, atasonkhana m'makalabu, adaloledwa kuyesa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, fodya wa bale woposa theka wa dziko lino ankachokera kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo bungwe la NASFAM, limene lidabadwa mu 1997, mizu yake ili m'makalabu omwewo. Mau aja adafa popanda maliro.

Apa ndi pamene ife okonda mbali ya mlimi wamng'ono timafuna kutseka buku, tiombe m'manja, tizipita. Koma nkhani siidathere pomwepo. M'zaka zotsatira ogula adayamba kudandaula kuti fodya wa Malawi watsika. M'mabelo munkapezeka fodya wabwino pamwamba, wa giredi yotsika pakati. Munkapezeka zidutswa za pulasitiki, zingwe ndi zinyalala zina. Mitengo nayo idatsika. Akale aja adatukula mitu nati, "Suja tinkanena?" Ndipo tisadzinamize, madandaulowo sadali opeka onse, mabelo obwezedwa adaonedwa ndi maso. Koma "fodya adatsika" ndi chiganizo chimodzi, "adatsika chifukwa mlimi wa kumudzi sangathe" ndi chiganizo china, ndipo umboni wa choyambacho sulipira ngongole ya chachiwiricho. M'zaka zomwezo zinthu zambiri zidasintha pamodzi. Mu 1994 kwacha idamasulidwa n'kugwa mphamvu, feteleza n'kukwera mtengo. Thandizo la boma lotsitsa mtengo wa feteleza lidachotsedwa. Ngongole za alimi za m'makalabu zidasokonekera. Boma lidalolezanso ogula apakati, anthu oyenda m'midzi ndi sikelo ndi ndalama m'thumba, amene ankagula fodya wa alimi ambiri n'kumsakaniza m'belo limodzi. Munthu akaloza chimodzi mwa zonsezi n'kunena kuti "ndi ichi," tiyenera kumfunsa chifukwa chake wasankha chimenecho. Kawirikawiri mudzapeza kuti adachisankha kale, zinthuzo zisadachitike n'komwe.

Ku sekondale adatiphunzitsa kuti chiganizo chilichonse chimalowa m'limodzi mwa mabokosi awiri, la choonadi kapena la maganizo, ndipo pa mayeso tinkachonga mosavuta. Ine ndiona kuti mabokosi awiri ndi ochepa. Amene akukaika apite ku msika wa fodya wa Chinkhoma, m'mbali mwa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Kasungu, akaime pafupi ndi belo limodzi. Mabelo amandandalikidwa m'mizere atamasulidwa, lililonse ndi tikiti yake, ndipo ogula amayenda motsatana, kutulutsa ndindi, kuliyang'ana, kulinunkhiza, n'kupitirira. Ntchito ya banja lonse ya miyezi isanu ndi inai imaweruzidwa m'masekondi owerengeka. Kuyambira mu 2012 fodya wambiri amagulitsidwa pa kontirakiti m'malo mwa okushoni yeniyeni, koma mafunso amene belo limafunsidwa sadasinthe, ndipo alipo atatu.

Loyamba ndi lakuti, belo likulemera bwanji? Limeneli imayankha ndi sikelo. Sikelo ingathe kukhala yakufa kapena yobera, koma ikatero timabweretsa sikelo ina, ndipo mkangano umatha. Choonadi cha mtundu umenewu sichisamala kuti wanena ndani. Boma lidauza makolo athu kwa zaka zambiri kuti Dr. Banda adabadwa mu 1906. Mtolankhani Philip Short, m'buku lake la mbiri ya Banda la mu 1974, adati chaka cha 1898 ndicho chogwirizana ndi umboni, ndipo mkuluyo atamwalira ku Johannesburg mu 1997 kudalengezedwa kuti adali ndi zaka 99. Mwanayo adabadwa kamodzi kokha ku Kasungu konko, ndipo zikondwerero zonse za pa 14 May sizikadasuntha chakacho ngakhale pang'ono.

Funso lachiwiri ndi lakuti, fodyayu ndi wa giredi yanji? Apa sikelo yakhala chete. Wosankha ayenera kuona ngati tsamba lidachokera kumunsi, pakati kapena kunsonga kwa mtengo, aone mtundu wake, kutalika kwake, makulidwe ake, ngati lidakhwima, ngati lanyowa kapena lagwira nkhungu. Tsono giredi ilowe bokosi liti? Mukaiponya m'bokosi la choonadi mwampatsa wogula mphamvu ya sikelo, mlimi alibenso pokanira. Mukaiponya m'bokosi la maganizo mwamthandizanso wogula yemweyo, pakuti adzangoti, "Aliyense ali ndi maganizo ake, awa ndi anga, ndipo ndalama zili ndi ine." Giredi ndi chiweruzo. Imatuluka m'mutu mwa munthu, inde, koma ingathe kukhala yolondola kapena yolakwika, ndipo mwini wake ayenera kuloza pa tsamba chimene waona. Ingathenso kuyesedwa: tengani fodya yemweyo, chotsani dzina la mlimi, mupatse osankha asanu amene sadaonane, muone ngati agwirizana. N'chifukwa chake pamsika pamakhala anthu a Tobacco Commission oyang'anira magiredi. Zambiri zimene timakangana pano pa sukulu ya ukachenjede, kaya ndakatulo iyi ndi yabwino, kaya mfumu yakuti idalamulira bwino, ndi za mtundu wa giredi. Ndimanyansidwa ndikamva mnzanga, atapanikizidwa pa mtsutso, akuthawira m'mau akuti "amenewo ndi maganizo anu." Sadayankhe kanthu, wangotola zikwama zake n'kutuluka m'bwalo mlandu uli pakati.

Funso lachitatu ndi lakuti, kodi mtengo umene walembedwa pa tikiti ndi wachilungamo? David Hume, munthu wa nzeru zakuya wa ku Scotland wa m'zaka za m'ma 1700, adachenjeza kuti olemba ambiri amayamba ndi kunena mmene zinthu zilili, kenaka mwakachetechete n'kulumphira ku mmene ziyenera kukhalira, ngati kuti chachiwiricho chimangotuluka chokha m'choyambacho. Adanena zoona. Ngakhale mutawerenga matumba onse a feteleza, mitengo yonse ya chigafa ndi masiku onse amene mai adawerama m'munda ali ndi mwana kumbuyo, manambalawo paokha sadzakuuzani kuti thukuta la munthu liyenera kugulidwa zingati. Pamenepo pafunika mtima. Komatu mtima wopanda manambalawo ndi phokoso chabe. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adayamba kuika mitengo yoyambira ya fodya mu 2006, ndipo mu 2009 adathamangitsa m'dziko muno akuluakulu anai a makampani ogula fodya, akuwatcha atsamunda. Anthu ambiri adakondwa. Kuti makampani owerengeka ndiwo amagula fodya wochuluka, chimenecho ndi choonadi, ndipo chimapatsa ogula mphamvu yaikulu. Kuti anthu anai aja ndiwo adali gwero la vuto, chimenecho chidali chiweruzo chofuna umboni wake. Mu 2011, fodya atachuluka, mitengo idagwa koopsa. Okonda Pulezidenti adati ogula akubwezera, odana naye adati ndi zipatso za ukali wake, ndipo mbali iliyonse idatuluka m'chakacho ili ndi chikhulupiriro chimene idalowa nacho.

Mwina wina adzati kukondera ndi matenda a andale ndi a anthu osaphunzira, ndipo digiri ndiyo mankhwala ake. Fodya yemweyu ali ndi yankho. Mu 1950 akatswiri awiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, adaonetsa kuti odwala khansa ya m'mapapo m'zipatala za ku London pafupifupi onse adali osuta, ndipo kuyambira mu 1951 adayamba kutsatira moyo wa madokotala oposa 30,000 kuti aone amene azifa ndi nthendayo. Mmodzi mwa amene adawatsutsa mwamphamvu adali Sir Ronald Fisher, katswiri wa masamu a kafukufuku amene njira zake zoyesera mbeu m'timinda ndizo amaphunzira anzathu a ku Bunda mpaka lero. Fisher adati kupezeka pamodzi kwa zinthu ziwiri sikutanthauza kuti china chabala chinzake. Mwina pali chibadwa china chimene chimapatsa munthu chilakolako cha fodya ndiponso khansa. Funsolo lidali labwino, ndipo mudzaona kuti ndi chida chomwecho chimene tagwiritsa ntchito pamwambapa poyankha akale a maesiteti. Koma umboni udapitirira kubwera. Madokotala osuta kwambiri ankafa kwambiri, osuta pang'ono ankafa mocheperapo, ndipo amene adasiya, ngozi yawo inkatsika zaka zikamapita. Fisher sadasunthe mpaka imfa yake mu 1962. Iye adali wosuta kaliwo, ndiponso ankalandira malipiro ngati mlangizi wa makampani a fodya a ku Britain.

Sindikunena kuti popeza ankalipidwa ndiye kuti adalakwa. Kuganiza kotero ndi kukondera kwa mtundu wina, kumene kwatikola kwambiri kuno kwathu, kumene munthu akanena kanthu timayamba tafunsa kwawo, chipani chake ndi amene akumdyetsa, zimene wanenazo n'kuziiwala. Malipiro a munthu amangotiuza kuti tiyang'anitsitse. Satiuza chimene tidzapeza. Fisher adagonjetsedwa ndi ziwerengero za imfa za madokotala, osati ndi kaliwo wake. Chimene nkhani yake ikutiphunzitsa n'chakuti kukaika nakonso kungasanduke pobisalira. Chikalata china cha m'kati mwa kampani ya Brown & Williamson, cha mu 1969, chimene chidaululika pambuyo pake, chidanena mosabisa kuti katundu weniweni amene iwo ankagulitsa kwa anthu ndi chikaiko. Kusiyanitsa wokaika moona ndi wokaika mobisala, mfunseni kuti, "Ndi umboni wotani umene ungakusinthitseni maganizo?" Woyambayo adzautchula. Wachiwiriyo adzakupatsani funso lina.

Ifenso a Malawi khutu lathu ndi lolemera pa nkhani imeneyi, ndipo chifukwa chake tikuchidziwa. Kwa zaka zambiri fodya wakhala akubweretsa theka, nthawi zina kuposerapo, la ndalama zakunja za dziko lino. Mabuku amene tikuwerenga, mankhwala a ku chipatala ndi mafuta a basi imene idatibweretsa kuno, zonsezi zili ndi kafungo ka chigafa. Pangano la maiko lochepetsa kusuta fodya lidavomerezedwa ku World Health Organization mu 2003, koma Malawi adalowamo mu 2023, m'gulu la maiko omalizira. Munthu angathe kunena mwaulemu wake kuti dziko losauka silingasiye msanga mbeu imene ikulidyetsa; chimenecho ndi chiweruzo chokhala ndi zifukwa. Koma akafika ponena kuti "agogo anga adasuta mpaka zaka 90," wasiya kuweruza, wayamba kudzitonthoza.

Agogo a zaka 90 amenewa ali ndi abale ambiri ku Kasungu. Mudzi uliwonse, kaya ndi ku Santhe, ku Chamama kapena ku Chulu, uli ndi munthu wake amene fodya adamgulira malata, ngolo, mwinanso galimoto, ndipo dzina lake limatchulidwa chaka ndi chaka nthawi yofesa nazale. Francis Bacon, polemba mu 1620, adabwereza nthano yakale ya munthu amene adamtengera m'kachisi kukamuonetsa zithunzi za amalinyero amene adapemphera m'namondwe n'kupulumuka, iye n'kufunsa kuti zithunzi za amene adapemphera koma n'kumira zili kuti. Nyumba ya malata imaoneka patali, dzuwa likawomba imathobwa m'maso. Tenanti amene atachotseredwa ngongole ya chimanga, feteleza ndi makasu adatsala ndi ndalama ya basi yokha saoneka, chifukwa adakwera basiyo n'kubwerera ku Phalombe. Tikawerenga okhawo amene adatsala pomwe tikuwaona, fodya adzakhala wolemeretsa nthawi zonse.

Koma ndisamalize ngati kuti kukondera kumakhala mbali ya eni chuma yokha. Mu 2009 bungwe la Plan lidatulutsa lipoti lonena za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, ndipo manyuzipepala a ku Ulaya adanyamula nambala imodzi: mwana wothyola fodya angathe kulowetsa m'thupi mwake, kudzera pakhungu, chikonga cholingana ndi cha ndudu 50 pa tsiku. Nambalayo idayenda dziko lonse, ndipo mpaka lero imatchulidwa m'mikangano yathu ngati kuti wina adaima m'munda ku Kasungu n'kuyeza magazi a ana. Sizidatero. Ofufuzawo adacheza ndi ana 44 a m'maboma a Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba, amene adafotokoza za maola aatali, malipiro ochepa, kupweteka mutu, kusanza ndi kufooka. Nambala ya ndudu idatengedwa ku kafukufuku wina wa kunja, ndipo imanena za mlingo wapamwamba, tsiku la chinyezi masamba ali onyowa. Lipotilo silidaname. Amene timalakwa ndife obwereza, amene timadula mau akuti "angathe" ndi "mpaka," n'kusiya nambala yamaliseche chifukwa ndiyo imatseka pakamwa mdani.

Wina adzati, "Nanga pali vuto lanji? Ana akuvutikadi, nambala ikakula pang'ono thandizo libwera msanga." Funso limeneli si lopusa, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mai amene mwana wake akusanza m'chigafa alibe nthawi ya mikangano ya ophunzira. Komabe ndikana, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mwini esiteti wochenjera akangopeza kuti magazi sadayezedwe, adzaimika chala chimenecho pamaso pa aliyense, ndipo kumbuyo kwa chalacho kudzabisika ana 44 aja pamodzi ndi zonse zimene adanena, zimene zidali umboni weniweni wochokera m'kamwa mwa eni ake. Chachiwiri, ngati tidzilola kukuza nambala chifukwa cholinga chathu ndi chabwino, tidzawauza chiyani akale aja, amene nawonso ankakhulupirira kuti cholinga chawo, choteteza mbiri ya fodya wa Malawi, chidali chabwino? Matenda a chikonga cholowa pakhungu ndi enieni, madokotala adawalemba kalekale m'maiko olima fodya, ndipo safuna kuwonjezera mchere.

Nkhani ya matenanti ili ndi mau ake atsopano amene ayamba kuyenda okha. Mu November 2019 boma la America lidalamula kuti fodya wa Malawi aziimitsidwa pa madoko ake chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la za ntchito n'kuletsa utenanti. Chichitikireni zimenezo mumamva anthu a masuti akunena pa wailesi kuti, "Utenanti udatha m'Malawi." Kodi chiganizo chimenechi ndi cha sikelo, cha giredi kapena cha mtima? Ngati akutanthauza kuti lamulo lidalembedwa, ndi cha sikelo, ndipo aliyense angathe kukaliwerenga. Ngati akutanthauza kuti banja limene lidachoka ku Mulanje tsopano likulandira malipiro a mwezi ndi mwezi m'malo mwa ndowa ya chimanga ya ngongole, chimenecho ndi chinthu china, chofuna kuti munthu achoke pa mpando akawerenge. Wonena kuti "udatha" ndi wonena kuti "palibe chasintha" onse awiri ali ndi ngongole ya umboni, ndipo mokweza mau siilipidwa.

Anzathu a za chuma ndi a za chikhalidwe cha anthu amene akufunafuna mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, ntchito ndi imeneyo. Mafunso ake ndi ochepa. Mudabwera liti pa esiteti pano? Ndalama mumalandira mwezi ukatha kapena fodya akagulitsidwa? Chimanga chimene mukudyachi amalemba m'buku la yani, ndipo mudalionapo bukulo? Afunsidwe bambo payekha, mai payekha, kapitawo ali patali. Apitenso ku maesiteti a kutali ndi msewu wa tala, osati okhawo amene mwini wake wavomera msanga kulandira alendo. Ndipo apite mu Febuluwale, fodya akuthyoledwa, nkhokwe zili mbee, osati mu Julayi ndalama za ku Chinkhoma zitangolowa m'matumba.